Mkono wa Adalaivala

Ku Chilomoni dalaivala wa minibasi simumufunsa laisensi, mumangomuyang'ana mikono. Wamanja, umene umaswera pazenera kukodola anthu, umada bii ngati kunsi kwa poto, pomwe wamanzere umakhala ngati wa munthu wa muofesi. A Willard Nampinga mkono wawo unafika pothetheka, khungu n'kumasupuka ngati la mbatata yootcha.

Akazi awo, a Doreen, zimenezi zinkawanyansa. "Bambo a Chiso, mikono ngati mwabwereka kwa anthu awiri," ankatero. Anagula mafuta oteteza khungu kudzuwa ku famase m'tauni, ndipo m'mawa uliwonse ankawapaka amuna awo mkonowo, n'kuwaveka malaya aatali manja. A Willard akangokhota pakona, malaya aja ankawapinda.

Kenaka mwini minibasi anaigulitsa, a Willard n'kutsala ndi chipewa chokha. Kunyumba sanaulule. Ankaopa mlamu wawo Ignasio, woumba njerwa ku Machinjiri, amene iwo ankamutcha injiniya wa matope, pamaliro ndi paukwati pomwe. A Doreen akanangomva, mawa lake akanawatumiza kwa mchimwene wawoyo kukaponda dothi. Ndiye a Willard ankadzukabe m'mamawa, kupakidwa mafuta, n'kukaswera pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa msika, pamene a Blackson amasungira bawo. Madzulo ankagwirako timaganyu kuti afike ndi kajumbo ka matemba.

Mthunzi ndi mafuta zinagwirizana. Patapita miyezi, mkono uja unasalala, unayamba kufanana ndi unzake. A Doreen ankaugwira mkonowo n'kumaonetsa azimayi a pampopi ngati mbuzi yogulitsa.

"Taonani mayi a Sheila. Anthu amathamangira mafuta oyeretsa aja, nkhope n'kupsa mawangamawanga. Ine ayi. Kuteteza basi, khungu limabwerera lokha."

A Willard anaseka nawo, koma kenaka anauyang'anitsitsa mkonowo. Madalaivala anzawo onse a pasiteji mikono inali bii. Dalaivala wa mikono yofanana ndani angamukhulupirire nthawi yaitali?

"Aise, uyenera kuwotcha mkonowo," anawalangiza a Blackson pabawo. "Dzuwa n'laulere."

Choncho a Willard ankayamba atsuka mafuta aja, n'kukhala kumapeto kwa benchi, thupi pamthunzi, mkono padzuwa ngati nsomba yoyanika. Koma bawo sasewera ndi dzanja lamanzere. Masewera akatentha, lamanja linkabwerera lokha kukatakata nkhomo, ndipo a Willard, posafuna kuti dzuwa lipite pachabe, ankangotembenuka n'kuyanika linalo. Mkono ndi mkono, iwo anatero.

Loweruka lina m'mawa a Doreen anabwera ndi botolo lawo la mafuta. Anagwira mkono wamanja, wosalala bwinobwino. Anayang'ana wamanzere. Anauyang'ananso, ataunyamula kuloza kuzenera.

"Bambo a Chiso."

"Mayi."

"Minibasi yanu ija chiwongolero chinasamukira kumanzere?"

A Willard anatsokomola. "Ndi za masiku ano izi. Zochokera kunja."

"Kapena anakutsitsani udindo, mwayamba kulendewera pachitseko ngati kondakitala?"

"Nthawi zina munthu umathandizako."

"Oho. Ndiye kondakitala wake wabwino, wofika kunyumba mawu osasasa, thalauza litatuwa kumbuyo ngati wakhalira benchi." Anatsegula botolo, n'kufinyira mafuta pachikhatho, ambiri kuposa masiku onse. "Tambasulani yonse iwiri. Khosinso. Kumene mukupitako kulibe mtengo wa mango."

A Willard anazindikira kuti mayiwa akudziwa ngakhale mtundu wa mtengowo. Anayesa kunena za msana wawo, kuti sugwirizana ndi matope, koma a Doreen anali atapanira kale foni paphewa, manja akupakabe.

"Achimwene, mwadzuka? Ndili ndi munthu pano akufuna ntchito. Ee, yemwe uja. Muli ndi chipewa chachikulu kumeneko? Ndavutika nalo khungu ili, musandiwonongere."

Mufonimo munamveka kuseka kwa Ignasio, kotalika ngati msewu wa ku Machinjiri. Atamaliza anafunsa ngati adalaivala amatha kuyendetsa wilibala.

"Yankhani," anatero a Doreen, akuwagunditsa foni kukhutu.

"Ndimatha, alamu," anatero a Willard. "Koma ikhale ya tayala labwino."