Kanema Wopita ku Ntcheu

Laputopu ya Loice inali kulira ngati chigayo chakale pamene magetsi anathima. Batire lake linafa kalekale, ndiye sikirini inangoti bii. Kanema woyeserera amene mchimwene wake Fletcher anajambula m'mawa uja, wa nkhuku zikupalasa kuseri kwa nyumba yawo ku Mzilikazi, mumzinda wa Bulawayo, anali asanafike ndi pakati pomwe pa kukonvetedwa.

Vuto linali kamera. Fletcher anaigula kwa mnzake wochokera ku Joni, ndipo ankaipukuta kuposa mmene ankapukutira nsapato zake. Inkajambula 4K, zithunzi zoti ungawerenge nthenga za nkhuku, koma Loice, yemwe ntchito yake inali kudula ndi kulumikiza makanemawo, laputopu yake inkawakana. Kanema aliyense ankayenera kukonvetedwa kaye, kutembenuzidwa kuti apepuke, ndipo zimenezo zinkadya tsiku lonse, magetsi akakhala ndi chifundo.

"Bhudi, kamera yanuyi n'chikomekome cha nkhuyu," anatero Loice, pomuitana mchimwene wake mwa Chindebele. "Nkhuku zokha zatidyera m'mawa wonse. Nanga mwambo wathunthu?"

Mwambowo unali wa Loweruka, wovundukula chiliza cha malemu bambo awo, a Moses, omwe anabwera ku Bulawayo ali mnyamata kudzagwira ntchito ya njanji ndipo sanabwererenso kwawo. Ku Ntcheu kunatsala mkulu wawo, a Mabvuto, okalamba moti ulendo wa basi sakanautha. Anatuma mlongo wawo, azakhali a Erica, ndi pempho limodzi lokha: abwerere ndi kanema. Azakhaliwo ankanyamuka Lamlungu m'mawa, ndipo kumudziko netiweki ndi yokwerera pachulu, choncho zotumiza pafoni kunali kulota. Kanemayo akanapanda kukwera basi limodzi ndi azakhali, mwina sakanawapeza a Mabvuto ali moyo.

Loice anali ataganiza kale zochita. Kamera itsitsidwe, ijambule mtundu wopepuka umene laputopu imangotsegula osakonveta, ndipo akachoka kumanda iye athamangire kushopu ya mnzake m'tauni, komwe kuli sola, akalumikizire kumeneko. Koma Fletcher anauma khosi.

"Hayi, sisi. Ubaba timujambulira kamodzi kokha. Ngeke nditsitse."

Chichewa cha Fletcher chinali choncho: kumva ankamva bwino, koma polankhula chinkatuluka chitavala zigamba za Chindebele. Ndipo si matama okha amene anamuumitsa khosi. Chithunzi chokha cha bambo awo m'nyumbamo chinali chofufuma, chochotsa pachiphaso cha ku njanji, ndipo chinkamupweteka mtima nthawi zonse akachiyang'ana. Ankafuna kuti mwina chiliza chokha chioneke bwino.

Azakhali a Erica anali atakhala pakhomo, akupinda m'mphepete mwa nsalu yoyera yophimbira chilizacho. Anawamvera anawo mpaka anatopa nawo, kenako analuma ulusi n'kuseka.

"Safunsa anadya phula. Mukulimbana za zithunzi, mwandifunsa ngati achimwene amaona? Maso anapita kale, amangoona mbuu. Iwo akufuna kumva. Aliyense wa kwa Moses aime pachiliza, atchule yekha dzina lake ndi la womubereka, monga timachitira kwathu, kuti adziwe anthu amene mng'ono wawo anasiya kuno."

Fletcher anayang'ana kamera yake ngati munthu amene wagulira wadazi chipeso. Loice anafuna kumunyogodola, koma ataona nkhope yake anameza mawu.

Magetsi atabwera chakumasana, Fletcher anabaya mabatani a kamera n'kuitsitsa osauza munthu, n'kuwajambula azakhali akusoka. Loice analowetsa khadi mu laputopu ndipo kanemayo anatseguka nthawi yomweyo, osadodoma. Anasangalala mpaka kuwomba m'manja. Koma atakweza mawu, chimwemwe chinachepa. Munkamveka mphepo, maminibasi aja amati makombi akuimba hutala kumsewu, ndi galu wa aneba. Azakhali ankangooneka akugwedeza milomo.

Tsopano amene anavutika mtima anali Fletcher. Lachisanu lonse anathera pa mawu. Anakabwereka kutchalitchi kamaikolofoni komata pamalaya, n'kukakulunga kasiponji kuti mphepo isalowe, ndipo anawayankhulitsa azakhali pabwalo, kukhitchini, ngakhale m'mbali mwa msewu, mpaka iwo anadandaula kuti chibadwire sanalonjerepo anthu kambirimbiri chotere popanda wowayankha. Chilichonse chimene wajambula ankathamanga nacho kwa Loice kuti aone ngati laputopu ichilandira, ndipo inkachilandira.

Loweruka kumanda a ku Luveve, nsalu itachotsedwa ndi nyimbo zitatha, achibale anandanda. Fletcher ankamata kamaikolofoni pa aliyense, n'kubwerera kukamera. Ana, adzukulu, apongozi, onse anatchula mayina, ena Chichewa chawo chikupunduka, anthu n'kumaseka mokoma. Womaliza atachoka, Fletcher anayamba kupinda miyendo ya kamera.

"Watsala mmodzi," anatero azakhali a Erica.

Fletcher anayesa kuzemba, akuti iye ndi wojambula, koma Loice anali atamulanda kale kamerayo. Fletcher anaima pambali pa dzina la bambo ake pachilizapo, n'kudzimata kamaikolofoni.

"Bambo aakulu, mina... ine ndine Fletcher, mwana woyamba wa Moses." Anayang'ana mu kamera. "Chichewa changa n'chothyoka. Koma ndine wanu."

Masana omwewo, kushopu ya sola kuja, Loice analumikiza zonse popanda kudikira chilichonse, ndipo dzuwa lisanalowe kanema anali mu fulashi. Atafika pa mawu a mchimwene wake, chala chake chinaima pa "mina" uja. Kudula kunali kosavuta. Anamvetseranso kachiwiri, misozi ikulengeza, n'kumusiya momwemo.

Lamlungu m'mawa azakhali anamanga fulashiyo pamfundo ya chitenje. Fletcher anawanyamulira chikwama mpaka pakhomo la basi, n'kuwapempha kuti a Mabvuto akamvera, akawajambule pafoni zimene ayankhe.

"Ndikajambula bwanji ine, foni yake iyi?" anafunsa azakhali.

"Mulimonse, azakhali," anatero Fletcher. "Bola mawu amveke."