Kiyi wa Loko wa ku Juyongguan

Foni inalira ndikuthira mbatatesi m'ndowa pa msika wa Lizulu. Anali Raphael, chibwenzi changa, amene anapita ku China kukaphunzira ulimi wothirira ine ndisanalembe mayeso a Fomu 4. Mayeso ndinalemba, zotsatira zinatuluka, koma amayi ankakanabe kuti akwawo abwere kudzandifunsira. "Opita kunja sabwerako, usataye nthawi," ankatero. Ine kudikira kunali kutandikwana.

"Tawina, usayankhule, ungoona," anatero Raphael, n'kutembenuza kamera.

Mayo ine! Linga la miyala likukwawa pamsana pa mapiri ngati nsato, kutsika, kukweranso, mpaka kukalowa m'nkhungu. Pampata wa mapiri awiri panali chipata chachikulu, denga lake lopindikira m'mwamba ngati nyanga za ng'ombe.

"Pano amati Juyongguan. Akatseka chipatachi, mdani ankasowa polowera. Alonda akaona nkhondo ankakoleza moto pansanja, utsi n'kuuza nsanja ina, inanso n'kuuza ina."

Anandionetsa masitepe odyeka pakati ndi mapazi a anthu amene anafa kalekale. Ndinkamva mphepo ikuwomba mufoni. Mumtima ndinali nditafika kale, chitenje chikuuluka, dzanja langa lili m'dzanja lake. Kasitomala amene ndinkamuthirira mbatatesi anatopa nane, n'kukagula kwa ena.

Amayi anasiya kabichi amene ankagulitsa, nadzasuzumira paphewa panga. Nthawi yomweyo Raphael anaonetsa tcheni chodzaza maloko, ena adzimbiri, ena omangidwa tinsalu tofiira.

"Okondana amakhoma loko apa, kiyi n'kuponya kuphompho, kuti asadzasiyane." Anatulutsa wake. Panali mayina athu awiri. Khethe! Anakhoma. Ine misozi lengelenge.

"Iwe Raphael!" Amayi analanda foni. "Dzina la mwana wanga pa loko, kiyi kutchire? Ukufuna kumutseka? Zimenezo kuno amachita asing'anga!"

"Ayi amayi, si mankhwala, ndi mwambo chabe wa..."

"Mwambo wa kwanu? Akadzadwala tidzakafuna kiyi m'mapiri a eni?"

Ogulitsa tomato anafa nako kuseka. Ine ndinkafuna nthaka itandimeza. Raphael anaima, dzanja lili m'malere, kakiyi kakunyezimira padzuwa.

"Ndiye nditani, amayi?"

"Ika m'thumba. Ubwere naye kuno, udzandipatse m'manja mwanga, amalume ako ndi amalume a Tawina akuona."

Ndinawayang'ana kukamwa kuli yasa. Amalume ake ndi anga, pamphasa imodzi! Raphael anaika kiyi m'thumba la jekete, natseka zipi mosamala ngati muli dzira.

"Liti? Amayi, mufunseni liti!"

"Takhala chete iwe." Foni sanabweze. Anaifendeza kumaso, akutsinzinira diso limodzi. "Tabweza kuja kuli chipata. Eee, koma anthu analimba mtima. Miyala yonseyi anachita kusenza pamutu? Takwera pamwambapo, mwana wanga, ndione kumene lingali lathera."