Nkhuku Zitatu za aMubita

Abednego Daka anadikira basi yochokera ku Lusaka masiku awiri pa Kacholola, ndipo itafika anagwa mphwayi atangoona nsapato za munthu amene ankamudikirayo. Zinali zakuda, zopukutidwa bwino, nsapato za munthu amene sanakwerepo phiri chibadwire. Mwini wake anali wamtali ngati nsungwi, dzanja lina sutikesi, lina wailesi. Pambuyo pake panatsika mayi wamfupi atasenza mtolo wa mapoto ndi zofunda.

"Ndimwe aDaka?" anafunsa wamtaliyo m'Chinyanja cha m'tauni. "Ndine Mubita, mphunzitsi. Awa ni akazi anga, aInutu. Motoka yopita kusukulu ili kuti?"

"Motoka ni iyi, bambo," anatero Abednego akuloza miyendo yake.

Munali mu Meyi, chaka cha 1974. Anthu a ku Kamphasa, mudzi wa kuseri kwa mapiri m'dera la Luembe, anali atamanga sukulu ndi manja awo, monga boma linkalalikira masiku amenewo kuti dziko ndi lathu tsopano, tidzithandize tokha. Abednego anaumba nawo njerwa mpaka zikhatho kung'ambika. Iye anali atasenza thumba la makalata m'mapiri amenewa zaka makumi awiri osatha kuwerenga ngakhale dzina limodzi la pa envulopu, ndipo sankafuna kuti ana ake adzakalambe ndi khungu lomwelo. Koma sukuluyo inalibe mphunzitsi. Woyamba anabwerera pa phiri loyamba. Wachiwiri anafika ndithu, koma tsiku lina anathawa ng'azi kumtsinje akufuula kuti ng'ona, mudzi wonse unamuseka, ndipo kutacha anapezeka palibe. Mkulu wa zamaphunziro ananena mosapsatira kuti wachitatuyu akabwerera, mabenchi ndi bolodi apita kwina. Ndiye Abednego anachoka kwawo atalumbira chinthu chimodzi, chakuti munthu uyu, zivute zitani, asachite manyazi.

Atatuwo ananyamuka pa Kacholola nthawi yomweyo, dzuwa lisanakwere, Abednego patsogolo atasenza sutikesi. Njira inayamba mwaulemu, kudutsa m'minda ya nthochi ndi chimanga chouma, kenaka inaonetsa khalidwe lake lenileni. AMubita anali Mlozi wa kuchigwa cha Zambezi, kumene mlendo umamuona akubwera m'mawa nafika madzulo, ndipo chulu amachitcha phiri. Asanafike pakati pa chitunda choyamba, nsapato zakuda zija zinali zikulendewera m'khosi, ndipo kumapazi kwawo kunali nsapato za matayala za Abednego, yemwe anapitiriza ulendo mapazi ali pansi.

"Patsala patali bwanji?" anafunsa aMubita.

"Pafupi apa, bambo. Kuseli kwa mtengo uja."

Pafupi pa Abednego panali ulendo wa maola atatu. Komabe tisaname, ulendowo unali wokoma. Mvula inali itangotha, timitsinje tikadali ndi madzi ozizira oti mano kuwawa, ndipo kamphepo ka m'mapiri kankaumitsa thukuta lisanafike m'chiuno. Abednego ankadziwa mwala uliwonse woti n'kupumirapo. Anawaonetsa mtengo umene njovu zinagwetsa, phanga limene ankausiramo mvula ndi makalata ake, ndi kasupe wotuluka pansi pa mkuyu. AInutu, amene sankalankhula zambiri, ankakwera ngati mbuzi, mtolo uli pamutu osaugwira n'komwe. AMubita ankapuma wefuwefu, koma ankafunsa dzina la mtengo uliwonse n'kulemba m'kabuku. Abednego anayamba kuwakonda, ndipo zimenezo zinangowonjezera mantha ake.

Dzuwa litapendeka anafika kwa Vitalis, mlimi wa mtedza, amene nyumba yake ndi yoyamba munthu akatsika chitunda. Anawayalira mphasa, nawapatsa madzi osamba ndi thobwa. Kenaka Vitalis anabwera ndi tambala wamkulu wofiira, nagwada, namupereka ndi manja awiri.

"Aphunzitsi, ndiwo zanu izi."

Tsono mwambo wa kumeneko ngwodziwika ngakhale kwa mwana woyamwa. Mlendo wolemekezeka amamuonetsa nkhuku ikadali yamoyo, kuti adziwe kuti sanamuphikire yofa yokha. Iye amailandira, n'kuiyeza kulemera m'manja, n'kuthokoza, kenaka amaibweza kuti akaiphe. Koma kwawo kwa aMubita mlendo amamulandira ndi nsomba ndi mkaka wowawasa, ndipo nsomba palibe amaionetsa yamoyo. Chichokereni kwawo iwo anakulira m'masukulu ogonera konko, kumene nkhuku imafika ili kale m'mbale. Choncho anagwada, nawomba m'manja monga achitira Alozi, nalandira tambalayo maso ali ndi misozi. Kenaka anasolola chingwe cha nsapato, namumanga miyendo, namuika pafupi ndi sutikesi.

Vitalis anayang'ana Abednego. Abednego anayang'ana phiri.

Kuseri kwa nkhokwe Vitalis anamupanikiza. "Imwe aDaka, auzeni! Manje niphike chiyani?"

"Sininganene," ananong'ona Abednego. "Uja wa ng'azi mwamuiwala? Uyu akachita manyazi lelo, mailo abwelela."

Vitalis anang'ung'udza, koma mlendo sangagonere masamba pakhomo pa munthu wa nkhuku khumi, ndiye anapha ina. AMubita anadya mokondwa, akudabwa kuti kodi dziko ili ndi la anthu otani, opatsa nkhuku ziwiri tsiku limodzi.

Tsiku lachiwiri tambala anakwera mapiri ali m'khwapa mwa mphunzitsi, akulira pamene wafunira. Masana anapuma kwa Febian, wofula njuchi, amene anawapatsa uchi wa m'zisa mpaka aInutu kunyambita zala. Ndipo zomwe zija zinachitikanso. Thadzi lamawangamawanga linabwera kudzaonetsedwa, chingwe chachiwiri cha nsapato chinapeza ntchito. Mkazi wa Febian anabisa nkhope m'chitenje, mapewa akugwedezeka. Abednego anaziona zimenezo, ndipo thukuta lake silinali la dzuwa lokha. Ankadziwa kuti mbiri imayenda mofulumira kuposa munthu wa katundu. Akapitiriza kukhala chete, aMubita akafika ku Kamphasa ali kale ndi dzina la umbombo, ndipo dzina la kumudzi likakumata silichoka ndi sopo. Akanena, munthu achita manyazi. Njira yonse anatsegula pakamwa kangapo, koma chotuluka chinali dzina la mtengo.

Pogona pachiwiri panali pa Sophia, mlamu wake wa Abednego, mkazi wamasiye wa mkulu wake, amene ankakhala m'kachigwa patsinde pa phiri lomaliza. Iyeyu anali ndi nkhuku imodzi yokha, thadzi lakuda. Abednego anasiya alendo pamtsinje akusamba mapazi, nathamangira kukamuchenjeza.

"Mulamu, namva kale," anatero Sophia akuseka. "Akuti mwatibweletsela kabawi wovala tayi."

"Ndiye bisani nkhuku yanu."

"Nibise? Mphunzitsi wa ana athu agone pano osaona nkhuku? Imwe mulamu, mapili akudyani nzelu."

Anaionetsa ndithu, ndipo popeza zingwe za nsapato zinali zitatha, aMubita anaimanga ndi luzi. Ndiwo za tsikulo zinali nkhwani wotendera. AInutu anapita kuseri kukathandiza Sophia kusinja mtedza, ndipo Abednego anamva amayi awiriwo akunong'onezana. Mtondo unasiya kulira, kenaka kunamveka kuseka kobisa. AInutu atatuluka anamuyang'ana Abednego nthawi yaitali.

M'mawa wa tsiku lachitatu anafika pamwamba pa phiri lomaliza, ndipo dziko linatseguka. Pansipo panali chigwa chachikulu, chathyathyathya, mapira atawerama ndi ngala, ndi mtsinje wa Luangwa ukunyezimira patali pakati pa mchenga. Denga la sukulu linkaoneka ngati kabokosi ka machesi. AMubita anaima chilili, nkhuku zitatu zikulendewera pa ndodo paphewa.

"Kuli monga kwathu," anatero motsitsa mawu.

Abednego anasangalala mpaka kuiwala za nkhuku, ndipo kuiwala kumeneko n'kumene kunamupweteka. Pakuti atafika, anthu atadzaza pabwalo la nyumba yake kudzaona mphunzitsi, mkazi wake Jennipher anatulukira ndi nkhuku yoyera, nagwada. AMubita anatambasula manja. Koma aInutu anawadutsa, nailandira, naiyeza m'manja, nathokoza, naibweza kwa Jennipher, amene anapita nayo kuseri ndi mpeni. AMubita anafunsa kanthu m'Chilozi, ndipo akazi awo anayankha ndi mawu ochepa chabe. Abednego sankamva Chilozi, koma anaona mphunzitsi akuyang'ana nkhuku zitatu zija imodzi imodzi, ndipo khosi lalitali lija linagwa. Wina kumbuyo anatsokomola pofuna kubisa kuseka. AMubita anadya pang'ono, nathokoza, nakalowa m'nyumba ya aphunzitsi dzuwa likadalipo.

Kutacha Abednego anatsegula chitseko napeza zimene ankaopa. AMubita anali ataima panja, nsapato za matayala kumapazi, nkhuku zitatu pa ndodo.

"ADaka, nipelekezeni. Nifuna kubweza nkhuku za anthu. Nadya ndiwo za mkazi wamasiye, natenganso nkhuku yake imozi yokha. Chifukwa chiyani simunaniuze?"

Abednego ankadziwa kuti kwa Vitalis n'kufupi ndi msewu, ndipo munthu wamanyazi akamva kulira kwa basi sacheuka. Anakhala pansi pakhonde.

"Ninaopa, bambo," anatero. "Ninaopa kuti muzapita. Ine nanyamula makalata moyo wanga wonse osaziwa zimene anena. Sinifuna ana anga akhale monga ine. Wolakwa ndine, nikhululukileni. Koma nkhuku izo simungabweze. Kubweza mphatso ni kutukwana mwini wake. ASophia angalile."

"Manje nichite bwanji? Anthu aziniseka."

"Kuseka azaseka, sabata imozi kapena ziwili. Ine ananiseka chaka chonse pamene nyani anathawa na thumba la boma, koma ndine pano."

AMubita sanaseke. Anayang'ana phiri limene anatsika dzulo lake, ndipo Abednego anaona kuti akuliyeza ndi maso. Nthawi yomweyo aInutu anatulukira kuchokera kunyumba ya aphunzitsi, akuyenda mosathamanga, dzanja atafumbata. Atafika anatambasula chikhatho, ndipo munali dzira.

"Thadzi lakuda laikila m'sutikesi yanu," anatero kwa amuna awo. Anali mawu ambiri kuposa onse amene analankhula m'masiku atatu. "ASophia ananiuza pamtondo paja kuti kupatsa ni kuika. Nkhuku siibwelela kwa mwini wake, koma anapiye ake angapite."

AMubita anatenga dziralo, nalitembenuza m'manja. Uphunzitsi unawagwira, nayamba kuwerenga ndi zala. "Kuikila, kufungatila, kuswa, kukula. Miyezi ingati, aDaka?"

"Isanu na umozi, bambo, akabawi akalola."

"Kwa aSophia, kwa aFebian, na kwa aVitalis ziwili, chifukwa anapha inanso." Tambala wofiira uja, mutu uli pansi pa ndodo, analira mopanda ulemu. AMubita anatsitsa ndodoyo pang'onopang'ono, nagwada, nayamba kumasula zingwe za nsapato zija kumiyendo ya nkhuku. "Sukulu titsegula Lolemba. Koma lelo nifuna khola. Laling'ono chabe, la miyezi isanu na umozi. Nsungwi zipezeka?"

"Zipezeka, bambo," anatero Abednego, ndi chimwemwe chimene sanathe kubisa.

Anatenga nkhwangwa yake. Nsungwi zinali kuseri kwa sukulu, pafupi penipeni ulendo uno, koma iye anazidutsa osaziyang'ana. Anapita kutali, kuthengo la mitengo ya tsanya, yolimba imene chiswe chimailephera, imene nsanamira yake imaima zaka makumi awiri osawola. Anadula nsanamira zinayi, nazisenza yekha, ndipo maenje ake anawakumba mpaka mkono wonse kulowa kufika paphewa.