Tionana Mawa Amene Anatseketsa Chipinda cha Ana

Uthenga wa kubanki unafika a Telala ali ndi mapini kukamwa, akupinda mpendero wa diresi la kasitomala. Atauwerenga, mapini aja anatsala pang'ono kumezedwa. Jimu, malo ochitira masewera olimbitsa thupi, inali itadula ndalama zambiri kuposa za mwezi uliwonse, ndipo pansi pake panalembedwa kuti ndi za maola apadera ndi kochi. Maolawo a Telala anapitako masiku owerengeka chabe. Masiku ena onse anali pamakina, kuthamangitsa maoda a mayunifolomu a sukulu.

Jimuyi sanaiyambe chifukwa chofuna kuonekera. Atabereka mwana wawo wachiwiri, magazi anayamba kuthamanga, ndipo namwino wa kuchipatala chapafupi anawauza mosabisa kuti munthu wokhala pampando kuyambira m'mawa mpaka madzulo, thupi lake limafuna thukuta. Vuto linali mwana. Kamnyamatako onse ankakatcha Batani, chifukwa kanali kakang'ono, kozungulira, ndipo kankasowa nthawi iliyonse ukangoyang'ana kumbali. Wokasiyira panalibe. Ndiye atamva kuti jimu ya pamwamba pa sitolo ya zitsulo ili ndi chipinda cha ana, analembetsa tsiku lomwelo.

Amayi amene anadutsamo masiku amenewo amachikumbukabe chipinda chija. Chinali ndi kapeti wobiriwira wothothoka m'makona, ndi njovu yojambulidwa pakhoma imene aliyense ankaiyesa nkhumba. Pakhomo pankandandalikidwa tinsapato, kena kalikonse ndi kanzake. Khoma limodzi linali lagalasi, kotero mayi akamapalasa njinga yosayenda ija ankatha kuona mwana wake akukwawa. Woyang'anira chipindacho anali mayi wachikulire amene ana ankamutcha Anti Chipewa, poti chipewa chake choluka sichinkachoka kumutu, kutenthe kuzizire. Ankabereka mmodzi kumsana, wina pamwendo, kukamwa kuli nyimbo. Ankadziwa mwana amene sagona popanda chala mkamwa, ndi amene amayamba kuluma anzake njala ikamugwira. Batani akangoona masitepe a jimu ankadzigwetsa kuchoka m'manja mwa amake. Panthawiyo a Telala ankagona tulo tabwino, ndipo mutu unasiya kuwawa.

Kochi nayenso anali munthu wabwino, wolankhula motsitsa, amene anawapirira masiku oyamba pomwe ankapuma ngati mvukuto atangoyenda pang'ono. Akamaliza, ankawapatsa thaulo n'kunena kuti, "Tionana mawa, mayi?" Iwo ankayankha kuti, "Tionana mawa, a Kochi." Ndani mwa ife amayankha kuti ayi munthu akatero? Timanena zimenezi ngakhale kwa kondakitala amene sitidzamuonanso.

N'chifukwa chake nkhani ya ndalamayi inawapweteka kawiri. Ankaganiza kuti kochi wawabera, koma kukamuyang'ana m'maso n'kumufunsa, mtima unkakana. Madzulo a tsiku limenelo anangodandaulira alamu awo, achemwali a amuna awo, amene ankakonda kudutsa pashopu kudzamwa tiyi ndi kuweruza dziko.

Alamuwo anati kupita kuofesi n'kutaya nthawi, chifukwa kumeneko yankho ndi limodzi: kompyuta ndiyo yatero. Kenako anatsitsa kapu n'kufunsa ngati chipinda cha ana chija sichinalakwitsepo kanthu. A Telala anakumbukira kuti tsiku lina anamupeza Batani thewera lili lonyowa, patsaya pali kachikanda kamene mnzake anamukanda. Anti Chipewa anapepesa pomwepo, iwo n'kunena kuti ana ndi ana, nkhani n'kuthera pamenepo.

"Basi ndi imeneyo," anatero alamu. "Anthu amenewa mukawauza za ndalama amayasamula. Koma tchulani mwana, muone mmene anjenjemerere. Akabwera kudzapepesa, m'pamene mutulutse nkhani yanu yeniyeniyo, adzabweza ndi manja awiri."

Analemba uthenga wodandaula limodzi, mitu itagundana pafoni. Thewera lonyowa linasanduka mwana wosiyidwa tsiku lonse osasamalidwa, kachikanda kanasanduka bala. Za kochi ndi ndalama sanalembemo ngakhale liwu limodzi. Alamu ndi amene ankasankha mawu, koma chala chimene chinatumiza uthengawo pagulu la pafoni la mamembala a jimu chinali cha a Telala eni ake.

Sabata yomweyo linali tsiku la a Telala loyezetsa kuthamanga kwa magazi. Namwino uja, mayi wosakonda kuzungulira, anayang'ana makina, n'kuwayang'ana iwo, n'kufunsa ngati akupitabe kujimu. A Telala anavomera kuti asiya kaye, ndipo poti mtima unali utadzaza, anafotokoza zonse, mpaka za uthenga uja.

Namwino anavula magalasi. "Mayi, wodwala akabwera kuno mutu ukumupweteka, koma iye n'kunena kuti ndi mwendo, ife timamanga bandeji mwendo wabwinobwino, mutu n'kumapwetekabe. Inu chakupwetekani ndi ndalama. Mwalozeranji kwa munthu wolera ana?"

A Telala anati anangofuna kuti awamve msanga. Namwino anawauza kuti ngati chisamaliro cha ana chili ndi vuto, kholo liyenera kunena ndithu, ndipo lisachite manyazi, koma linene chimene chinachitikadi, kukula kwake komweko, kwa munthu amene angachikonze. Anawalangiza kuti apite kuofesi ndi uthenga wa kubanki uja, afunse mmene maolawo amawerengedwera, apemphe kuona masiku amene akuti anabwera, ndipo asachoke asanamvetse. Anawonjezera kuti uthenga wa pagulu uja aukonze lero lomwe.

"Mwaika ntchito ya munthu pamoto," anatero. "Ndipo chipinda chimenecho chikagwa, inuyo ndi amene mudzasowe posiya mwana. Bipi yanuyi sidikira."

A Telala anatuluka atavomera zonse. Koma kuvomera n'kosavuta. Pashopu maoda anali mulu, komanso manyazi anali atawagwira. Akaganiza zokwera masitepe aja n'kukumana ndi chipewa choluka chija, ankadziuza kuti apita mawa. Pamene iwo ankazengereza, uthenga uja unkayenda wokha. Mayi wina anawonjezera kuti nayenso mwana wake anatayako sokosi. Bambo wina, amene analibe n'komwe mwana, analemba kuti anamva kuti kumeneko mwana anathyoka mkono. Ena anautumiza kumagulu ena. Alamu ankabwera madzulo akusekerera, kunena kuti mankhwala agwira, adikire foni yopepesa. Foniyo sinabwere.

Tsiku limene a Telala analimba mtima, anamubereka Batani n'kukwera masitepe. Analunjika kuofesi osayang'ana kumbali. Manijala anawalandira bwino, n'kuwapatsa mpando. A Telala anatulutsa foni n'kunena kuti adulidwa ndalama za maola amene sanabwere. Manijala anatsegula kompyuta, n'kuitanitsa kochi.

Kochi atamva nkhaniyo anadabwa kwambiri. "Koma mayi, tsiku lililonse ndinkakufunsani, inu n'kunena kuti tionana mawa. Ine ndinkasunga ola lanu, ena ndinkawabweza. Ndinkakhala apa kukudikirani."

"Kumene kuja kunali kutsanzikana, a Kochi," anatero a Telala. "Mumafuna ndiziti sitionana?"

Manijala anayesa kudzigwira koma analephera, ndipo posakhalitsa onse atatu ankaseka. Anafotokoza kuti lamulo la pamenepo linali lakuti ola likasungidwa limalipiridwa, pokhapokha munthu atanena kale kuti sabwera. Anati zimenezi amauza aliyense polembetsa, ndipo a Telala anakumbukira kuti tsiku limenelo nyimbo zinali pamwamba, Batani akukoka chitenje, iwo akungogwedeza mutu. Manijala anavomera kuti mbali yawo nayonso inalakwa, chifukwa ndalama za munthu sizingadulidwe potengera mawu otsanzikana. Analonjeza kubweza, ndipo anauza kochi kuti kuyambira tsiku limenelo ola lizisungidwa munthu akatsimikiza pa uthenga wolemba. Nkhani imene inawasowetsa tulo masabata onsewo inatha msanga kuposa kusoka batani lamalaya. Safunsa anadya phula.

Ataimirira, a Telala anati poti abwera kale, amusiye mwana kwa Anti kuti apalaseko njinga pang'ono. Kuseka kuja kunathera pomwepo. Manijala anayang'ana patebulo, n'kunena kuti chipindacho chinatsekedwa. Eni jimu anaona mauthenga aja akufalikira, n'kuchita mantha kuti dzina lawo liipa. Anti anauzidwa kuti asabwerenso.

"Sindinganame, ana anachuluka kuposa manja a munthu mmodzi," anatero manijala. "Anti anakhala akupempha womuthandiza, ine n'kumakapempha kwa eni ake. Mukanabwera kuno ndi nkhani ya thewera mmene inalili, ikanandipatsa mphamvu. Koma itafika ili bala ndi mkono wothyoka, iwo anaona kuti kutseka n'kotchipa."

A Telala anatuluka muofesimo. Pakhomo pa chipinda chija panalibe nsapato ngakhale imodzi. Kudzera pagalasi anaona kapeti atakulungidwa pakona, ndipo pansi pa njovu ija panali njinga ziwiri zowonongeka ndi ndowa yokolopera. Batani anayamba kudzikoka kumsana, kufuna kutsika. A Telala anamva chisoni chimene sanachimvepo pa nkhani ya ndalama ija.

Atamutsitsa mwanayo n'kukhala pamasitepe, analemba pagulu zoona zonse: kuti thewera linali la kanthawi kochepa, kuti bala linali kachikanda, kuti chimene chinawakwiyitsa chinali china. Anayankha ndi anthu awiri okha. Amayi ambiri anali atatuluka kale pagulupo, poti popanda posiya ana, jimu inalibenso ntchito kwa iwo. Madzi akatayika saoleka.

Kenako anaimba nambala ya Anti imene manijala anawapatsa. Anti Chipewa anazindikira mawu awo nthawi yomweyo, ndipo asanamve chilichonse anafunsa ngati chifuwa cha Batani chinatha. A Telala anayankha kuti chinatha. Anayesa kufotokoza za kochi, za banki, za alamu, koma mawu ankangopiringizana, mpaka anangoti pepani.



"Ndinawerenga zimene munalemba," anatero Anti mofatsa. "Thewera lija linalidi lonyowa, sindikana. Koma tinkaonana tsiku ndi tsiku, mayi. Mwana wanu munkamuika m'manja mwanga osaopa. Mawu okha ndi amene anakulemerani kundipatsa?"

A Telala anakhalabe pamasitepe paja foni ili kukhutu, misozi ikutsika, mwana akumenya galasi la chipinda chopanda anthu.

Phunziro: Mukalakwiridwa pa ndalama kapena pa chisamaliro cha mwana, dandaulani ndithu, koma nenani chimene chachitikadi, kwa munthu amene angachikonze, nthawi isanathe. Musanavomere chilichonse cholipira, funsani kuti kuvomerako kumatanthauza chiyani. Dandaulo lokokomeza limagwera munthu wosalakwa, ndipo limatha kugwetsa chinthu chimene inu eni mumachidalira.