Makutu Obwereka

Njinga yamoto ya Sililo inabwerera kachitatu kwa a Munsaka Lolemba m'mawa, ndipo ulendo uno mwini wake anafika akuikankha, thukuta lili kamukamu.

Sililo ankagulitsa ziboliboli ku msika wa Mukuni Park. Njingayo anaipeza mu 1994 kwa mlendo wina amene anatopa nayo atafika ku mathithi aakulu a pafupi ndi tauni. Inali yakale kale pamenepo, ya mpando wotsika ndi zogwirira zazitali, yoti munthu amakhalapo ngati ali pakhonde. Sinali chimphona, komanso sinali ngati tinjinga ta alangizi a zaulimi. A Munsaka, makanika wa ku komboni ya Maramba, ankaikondera injini yake: masilinda awiri otanyula ngati mphanda, ozizidwa ndi mphepo basi, silinda iliyonse ndi kabuleta yake. Masilindawo akamakoka mpweya mofanana, njinga inkakwera mtunda wa m'tauni osadandaula. Akasemphana, inkanjenjemera, kutsokomola, pulagi yam'mbuyo n'kuda bii.

Kufananitsa makabuleta ndiye inali ntchito imene inawatchukitsa a Munsaka. Ankatenga paipi ya rabala, mbali ina pakamwa pa kabuleta, ina m'khutu, n'kumamvetsera mluzu wa mpweya uku akupotokola sikulu mpaka mbali zonse ziwiri zitalira chimodzimodzi.

Sililo analankhula mwaulemu, maso ali pansi. Anati sakuwadandaula, koma anzake amuuza kuti kutsidya kwa mlatho, ku Zimbabwe, kuli galaja ya mawotchi oyezera mpweya wa makabuleta. Ikakanikanso lero, aipititsa kumeneko. A Munsaka anagwedeza mutu. Mawuwo anamva theka, enawo anachita kutola pamilomo.

Vuto linali pomwepo. Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zitatu anazithera ku shedi ya sitima, akukhoma zitsulo m'kati mwa maboila. Khutu lamanzere linatseka kalekale, ndipo m'lamanja munalowa nkhululu yosatopa kulira. Maulendo awiri apitawo anapotokola sikulu mongoganizira. Sanauze munthu. Ankadziwa kuti Maramba ikamva, njinga zisiya kulowa pageti, iwo n'kusanduka nkhalamba yongothamangitsa nkhuku pabwalo.

Sililo atapita, a Munsaka analiza injini, nagwada, naika paipi m'khutu. Kutsogolo nkhululu. Kumbuyo nkhululu yomweyo. Anakhala choncho nthawi yaitali, sikuludalaiva ili m'manja osaigwiritsa ntchito.

Akazi awo, a Harriet, ankasoka mayunifolomu a sukulu pakhonde. Anaimitsa makina.

"Batate ba Miyoba, yakumbuyo ikuchedwa," anatero, kuwaitana amuna awo ndi dzina la mwana wawo.

A Munsaka sanatembenuke. A Harriet anatsika, anawagwira paphewa, nabwereza mawuwo atawayang'ana kumaso. Bambowo anakwinya nkhope, nafunsa kuti telala anayamba liti kudziwa injini. Mayiwo anayankha kuti injini sakuidziwa ndithu, koma aimba alito m'kwaya zaka makumi awiri, ndipo munthu wotsalira m'nyimbo amamumva ngakhale atabisala mzere wakumbuyo.

"Ndipo mwezi wachisanu uno ndikukuitanani kawiri kawiri ku tiyi," anawonjezera motsitsa mawu, koma milomo ikutseguka bwino. "Muyesa ndimaganiza kuti ni mwano?"

A Munsaka anayang'ana paipi ija. Manyazi anawagwira, koma pansi pa manyaziwo panali kupepukidwa, ngati kwa munthu amene watula thumba la malasha. Anapukuta nsonga ya paipi ndi malaya awo, naipereka. Anawachenjeza kuti akokere chitenje, chifukwa ekizozi ya silinda yam'mbuyo imatentha msanga, mphepo saifikira bwino.

A Harriet anagwada pa saka. Anamvetsera kutsogolo, nang'ung'udza mawu ake kuti asawaiwale, kenako anasamukira kumbuyo. Anagwirizana kuti azilankhulana ndi dzanja: chala m'mwamba, onjezerani, chala pansi, bwezani. Poyamba zinasokonekera. A Munsaka ankapotokola ndi mphamvu, mluzu n'kudumpha malire.

"Pang'ono pang'ono, imwe. Simukumanga njanji apa."

A Munsaka anaseka, koyamba sabata imeneyo. Anatenga sikuludalaiva yaing'ono, nayamba kusuntha sikulu ngati akuchotsa chitsotso m'diso la mwana. Kutsogolo, kumbuyo, kutsogolonso. Dzuwa linafika pamutu, mthunzi wa mango n'kuwathawa. Kenako a Harriet anatseka maso, anamvetsera kawiri, natambasula chikhatho. A Munsaka anaika dzanja pa thanki. Kunjenjemera kuja kunali kutatha. Injini inkagunda modekha, gu-gu, gu-gu, ndipo kugundako kunakwera m'mkono mpaka pachifuwa.

Sililo anabwera madzulo, dzuwa likadalipo. Anaiyesa mpaka ku msewu wa Nakatindi, nabwerera mano ali mbee. Anati wapitirira minibasi pamtunda osasintha giya. Za ku Zimbabwe ziiwalike, ndipo mawa auza msika wonse kuti makutu a ba Munsaka akadali akuthwa ngati lumo.

A Munsaka akanatha kungomwetulira. A Harriet anali atabwerera pa makina, mutu woweramitsa, ngati sizikuwakhudza. Bambowo anapukuta manja nthawi yaitali kuposa mmene mafuta anafunira.

"Makutu si anga, mwana wanga. Anga anatsala ku shedi. Amene wamva ntchito yawo ni aja ali pakhonde."

Sililo anayang'ana bambowo, nayang'ana pakhonde. Anavula chisoti, anapita pafupi ndi makina, ananjuta n'kuomba m'manja monga amachitira kwawo kwa Alozi. Kenako anafunsa ngati angabweretse njinga ya mnzake Wamundila Lachinayi, poti nayonso ikutsokomola.

"Lachinayi ni la amayi ku tchalitchi," anatero a Harriet akudula ulusi ndi mano. "Mubwere Lachisanu. Ndipo muwauze ba makanika anga asabise sikuludalaiva yaing'ono ija, manja awo ni olemera."