Zimene Amake Hye-rin Sanauze Munthu

Mabuku okonzekera mayeso a sekondale yaikulu anali atagula kale, asanu ndi awiri. A Mal-sun, amene anansi awo mumzinda wa Busan amangowaitana kuti amake Hye-rin, anasamalira okalamba kwa zaka khumi, ndipo tsopano ankafuna kukhala wothandizira anamwino. Koma sukulu ya ntchitoyo inkafuna satifiketi ya sekondale yaikulu. Iwo analibe. Choncho anaganiza zolemba mayeso a boma a anthu amene sanamalize sukulu.

Anatenga fomu kukaonetsa a Gu, mphunzitsi wopuma ntchito wa nyumba yoyandikana nayo. Amuna awo a Mal-sun, a Deok-gu, anali pambuyo atasenza mabuku.

"Mayesowa si amodzi, amake Hye-rin," anatero a Gu. "Alipo a sekondale yaing'ono, alipo a yaikulu. A yaikuluwo amalemba ndi amene anamaliza yaing'ono. Satifiketi yake ilipo?"

"Ilipo!" anayankha a Deok-gu. "Ophunzira m'nyumba mwathu ndi awa. Mbuli ndine."

A Mal-sun anayang'ana pansi. Zaka makumi atatu ali pabanja, nkhaniyi anali asanauzepo munthu.

"Ndinalekera chaka choyamba cha sekondale yaing'ono," anatero. "Ndinakalowa ntchito kufakitale ya nsapato kuti achimwene apitirize sukulu."

Kenako a Deok-gu anakanda mutu.

"Ndiye zaka zonsezi ndakhala ndikugonja pamkangano kwa munthu wa pulayimale?"

"Mudzagonjabe," anayankha akazi awo, uku akupukuta m'maso.

A Gu anaseka. "Palibe chaonongeka. Mukanapereka fomu iyi, ikanabwezedwa. Mayeso amachitika kawiri pachaka, ndipo kukula sikuletsa. Katengeni satifiketi ya pulayimale, mulembe a yaing'ono mu Epulo. Enawo abwera pambuyo."

Mabuku aja anakwera pamwamba pa kabati, kudikira nthawi yake. M'mawa wa tsiku la mayeso, a Deok-gu anapatsa akazi awo maswiti onanda, kuti mayankho amatirire m'mutu. A Mal-sun anakhoza. A yaikulu anawatengera chaka china, chifukwa masamu anali ouma, koma anakhozanso. Lero a Mal-sun amavala yunifolomu yoyera ya othandizira anamwino, ndipo amaisita ndi a Deok-gu.

Musanagule mabuku, funsani kuofesi ya maphunziro mayeso amene akukuyenerani ndi mapepala amene akufunika. Nenani zoona za pamene munalekera, pakuti poyambira panu ndi pomwepo.