Mkono wa a Burashi

"Yasamulaninso, bambo, adokotala aone okha," anatero mayiwo akukoka malaya a amuna awo.

"Kuyasamula sachita kutuma ngati mwana," anayankha a Burashi. Mawu awo ankatuluka molemera, mbali imodzi ya pakamwa itagwa pang'ono.

Dzina loti Burashi analitola pa ntchito yolemba zikwangwani za masitolo, imene anaigwira zaka makumi atatu ndi zisanu. Miyezi inayi m'mbuyomo sitiroko inawagwetsa akusakaniza penti. Kuyambira tsikulo mkono wamanja unapindikira pachifuwa, zala zitafumbata, ndipo mwendo ankachita kuukoka.

"Dzulo poyasamula mkonowu unadzuka wokha mpaka apa," mayiwo anafotokozera dokotala wa mafizo, akuloza paphewa. "Ndiye kuti akuchira, eti? Kapena ndi ulesi chabe, akufuna ndiziwasambitsa mpaka kalekale?"

Dokotalayo anaseka. Anatenga kanyundo ka labala n'kugogoda pabondo la a Burashi, mwendo n'kudumpha mwamphamvu.

"Mwaona? Mwendowu ndi wamoyo, mkononso chimodzimodzi. Chinaonongeka ndi njira. Munthu akafuna kugwira chinthu, uthenga umachoka mu ubongo n'kutsika m'mitsempha. Pamwamba pa khosi mitsemphayo imapingasana, yakumanzere n'kupita kumanja, kenako imalowa mumsana. Bambowa magazi anatsekeka kumanzere kwa mutu, n'chifukwa chake dzanja lamanja silikumva akamalituma."

"Nanga poyasamulapo?"

"Pali tinjira tina tomwe sitidikira kuti munthu afune. Timeneto tili bwinobwino, koma sitingalembe chilembo."

A Burashi anayang'ana zala zawo. "Mwanangu, usandibisire. Ndidzalembanso?"

"Kuyenda kudzasintha mukalimbikira mafizo, bambo. Koma zala ndi zimene zimavuta kwambiri. Sindingakulonjezeni."

Pobwerera anakwera basi. Atatsika basi, mayiwo anagwira amuna awo m'khwapa monga ankachitira tsiku lililonse, ndodo ili kudzanja lamanzere. Pafupi ndi sitolo ya buledi, a Burashi anaima. Amuna awiri anali pamakwerero, akutsitsa chikwangwani chakale chathabwa. Chatsopano chapulasitiki chinali chitatsamira khoma.

Penti inali itasuwa, koma zilembo zofiira za mthunzi wachikasu zinkaonekabe, pamodzi ndi buledi wofuka nthunzi amene a Burashi anamujambula pakona. Nthawi imeneyo msewu unali wafumbi, iwo ali mnyamata wa tsitsi lambiri, pensulo ili pakhutu. Ankajambula mzere wowongoka popanda rula, anthu n'kumaima kuonerera. Mayiwa anali mtsikana wogulitsa m'sitolomo.

"Ntchito ya masiku awiri munaigwira masabata atatu," anatero mayiwo motsitsa mawu.

"Chilembo cha B chinkandivuta."

"Chinkakuvutani chilembo, kapena maso anali pakauntala? Tsiku lina munaponda m'chitini cha penti mukundiyang'ana."

"Kuona maso a nkhono n'kudekha," anatero a Burashi. "Nanga sindinawaone?"

"Ndiye nkhonoyo ndine?"

Anaseka onse awiri, koyamba chigwereni matendawo. Kenako misozi inayamba kutsika pankhope ya bambowo, mayiwo n'kuipukuta ndi chikhato.

Mwini sitolo anatuluka akupukuta ufa m'manja. Anali mwana wa mwini wakale uja, nayenso imvi zitayamba.

"Thabwali lipita kuti, achimwene?" anafunsa mayiwo.

"Kuseriku, mayi. Tidzasonkhera moto." Atayang'anitsitsa bambo wa ndodoyo, anavula chipewa. "Kodi ndi a Burashi? Pepani, sindinakuzindikireni. Malemu bambo ankakana zoti tilichotse. Tengani, ndi lanu."

Thabwalo silinali lolemera kwambiri, koma linali lalitali, lofuna manja awiri. Mayiwo analiyang'ana, n'kuyang'ana amuna awo.

"Nanga inu ndikugwirani bwanji?"

"Senzani, mayi. Ndodo ilipo."

"Mukagwa?"

"Mudzatula, n'kunditola, n'kusenzanso."

Mwini sitolo anawasenzetsa. Ulendo wa mphindi khumi anauyenda pafupifupi ola lathunthu. Mayiwo anatsogola thabwa lili pamutu, akuima pa mtengo uliwonse wa magetsi. Sanacheuke, poopa kuti mtima ungawalephere. Ankangomvetsera kumbuyo kwawo kugogoda kwa ndodo, kenako nsapato ikukhwekhwereza pansi, mpaka anafika pachipata cha kwawo.